Musanatumize ndalama zomangira mashopu kwathu

A ku Joni, a ku Cape Town, a ku Dublin, a ku Leeds, a ku Indiana, ndi inu amene tili limodzi konkuno ku Nairobi, mwaswera bwanji? Lero ndili ndekha, mlendo palibe, ndiye mundipirire. Pezani pokhala, kapena ngati muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, kwezani pang'ono voliyumu.

Nkhani ya lero yachokera pa gulu la WhatsApp la kwathu. Mukuwadziwa magulu a pabanja aja, amene amakhala zii mwezi wonse, kenako kukagwa maliro kapena ukwati, mauthenga 200 tsiku limodzi. Mwezi wathawu amalume analemba kuti poloti yawo ya ku Area 25 ku Lilongwe yangokhala, ndiye timangepo mashopu ngati banja, aliyense amene ali kunja asonkhe. Pasanathe ola, msuweni wanga wa ku Joni anaponya chithunzi. Nyumba yosanja, magalasi okhaokha, kutsogolo mitengo ya kanjedza ndi magalimoto atatu onyezimira. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinalemba kuti, “Amalume, tisanagule njerwa, alipo amene wakhalapo pamalopo madzulo n'kuwerenga anthu odutsa?” Gulu lonse linangoti zii. Kenako azakhali anandiimbira pambali, akuti, “Iwe, ngati ulibe ndalama ungonena, sitikukakamiza.”

Ndalama zambiri ndilibe, zimenezo azakhali sananame. Koma chimene chinandiyankhulitsa ndi china. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta. Ndimaika makina olipirira pa kauntala, makamera, intaneti, ndipo zikafa amaimbira ine. Ndiye pa zaka zimene ndakhala kuno ndalowa m'masitolo ambirimbiri, koma sindilowera khomo la makasitomala. Ndimalowera kuseri, kumene kuli mabini, mapaipi ndi mawaya. Ndimakwera m'siling'i. Ndimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka, n'kumaona kuti amene ndinamuikira makina uja adakalipo kapena anatseka. Wojambula mapulani mudzamufunabe, ine sindikulanda ntchito yake. Ndikungofuna mukapita kwa iye mupite ndi mafunso, osati ndi chithunzi chokha.

Choyamba timvane chimene tikukamba. Sindikunena ma mall akuluakulu ngati Sarit Centre ya ku Westlands, imene inatsegulidwa mu 1983, kapena Garden City ya pa Thika Road, kapena Two Rivers imene inatsegulidwa mu 2017. Amenewo ndi a makampani a mabiliyoni, ife sitifikako. Ndikunena timalo ting'onoting'ono ta m'madera okhala anthu, mashopu 6, 10, mwina 15, pamene munthu amaima pobwera ku ntchito kugula buledi, nyama theka la kilo, mankhwala a mwana, n'kutapa ndalama pa foni. Kuno amangoti shopping centre. Ine ndizingoti kasenta. Timasenta timeneti ndi timene ambiri a ife timalota tikamasunga ndalama kunja kuno, ndipo ndi timenenso tamwa ndalama za anthu ambiri.

Ganizo lake ndi lakale. Mu 1929 katswiri wina wa ku America, Clarence Perry, analemba kuti dera lokhala anthu lizikonzedwa moti mwana afike kusukulu wapansi, mtunda wa mamita pafupifupi 400, ndipo mashopu akhale m'mphepete mwa deralo, pamphambano pamene misewu ikukumana. Pulani ya mzinda wa Nairobi ya 1948 inatengera ganizo la madera otere, ngakhale inali pulani ya atsamunda imene inasiya anthu akukhalabe mosankhana mitundu, anthu akuda atakankhidwira kum'mawa kumene lero amati Eastlands. N'chifukwa chake mukayenda m'madera akale a Nairobi, ku South B, ku South C, ku Hurlingham, ku Lavington, mupeza kulikonse kuli malo ake a mashopu. Adams Arcade ya pa Ngong Road inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi Abdul Habib Adam, ndipo mpaka lero anthu akugulapo.

Koma chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri ndi Buruburu. Anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1970, nyumba masauzande angapo za anthu ogwira ntchito, zogawidwa m'magawo asanu, ndipo anapatuliratu malo a mashopu. Pitaniko lero. Malo a mashopu aja alipo ndipo ndi odzaza, koma malonda anasefukira. Anthu anaboola mipanda ya nyumba zawo n'kutsegula timashopu toyang'ana kumsewu kumene matatu amadutsa. Matatu ndi maminibasi a kuno, kwa amene simunafikeko. Amene munakulira ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Chilobwe palibe chachilendo apa. Kunali golosale kapena PTC ya m'dera, koma shuga wa mwadzidzidzi timakagula pa okala ya pampanda wa aneba. Wojambula amalemba papepala kuti mashopu akhala apa, koma malonda amatsatira pamene anthu akuponda. Mfundo yanga yonse lero yagona pamenepa. Musayambe ndi maonekedwe a nyumba. Yambani ndi munthu amene akudutsa pamalopo wapansi, kenako muganize za mmene katundu, madzi, magetsi ndi zinyalala zizilowera ndi kutuluka.

Tiyambe ndi munthu wodutsayo. Musanalipire aliyense, tumani munthu ndi kope akakhale papolotipo. Masiku atatu: tsiku la mkati mwa sabata, Loweruka, ndi tsiku lina la pakati pa mwezi pamene m'matumba mwauma. Awerenge kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 9, komanso kuyambira 4 koloko madzulo mpaka 8. Angati apansi, angati pa kabaza, angati pa galimoto? Akuchokera kuti, akulowera kuti? Anyamula chiyani, ndipo achigula kuti? Kenako ayende mphindi 5 mbali zonse, amene ndi mamita 400 aja, n'kuwerenga nyumba ndi mashopu amene alipo kale. Munthu amene akufuna mchere ndi tomato ndiwo zili pamoto sayenda kuposa pamenepo. Ngati m'dera limenelo muli kale magolosale asanu ndipo onse eni ake akuwodzera pa kauntala, yanu yachisanu ndi chimodzi sidzadzutsa aliyense.

Chachiwiri, mbali ya msewu. Kenya ndi Malawi tonse timayendetsa kumanzere. Anthu sagula popita ku ntchito, amakhala akuthamanga. Amagula pobwerera. Ndiye malo amene ali kumanzere kwa munthu wochokera m'tauni madzulo, kumene minibasi imamutsitsa, ali ndi mwayi kuposa a tsidya linalo, olo atakhala moyang'anizana. Kuno tinaziona pa Thika Road. Msewuwo ataukulitsa n'kuumaliza mu 2012, kuwoloka kunakhala kwa pa milatho ya anthu oyenda pansi, ndipo malonda anaunjikana pamene milathoyo ikutsikira ndi pamene matatu akuima, monga ku Roysambu ndi ku Githurai. Ku Lilongwe nakonso anayamba kukulitsa misewu, ngati M1 kuchokera pa Crossroads kupita ku Kanengo. Funsani ngati msewu wa pakhomo panu uli m'mapulani, ngati pakati padzakhale chotchinga, komanso ngati siteji idzasunthe. Siteji ikasuntha mamita 200, makasitomala anu apita nayo.

Chachitatu, ndani adzachite lendi. Mukaona timasenta timene tikuyenda bwino kuno, ku Utawala, ku Syokimau, ku Ruaka, mupeza pafupifupi zinthu zomwezomwezo. Kagolosale kodzisankhira wekha, famase, butchala, wa M-Pesa, saluni ndi ometa, wogulitsa gasi wophikira, wodzaza madzi akumwa m'zigubu, wochapa zovala, ndi malo a tchipisi ndi nkhuku. Palibe chodabwitsa pamenepo. Zonsezo ndi zinthu zimene munthu amazifuna sabata iliyonse, zina tsiku lililonse, ndipo wobwerera chimodzi amagula ziwiri. M-Pesa inayamba mu 2007, ndipo lero kakauntala kake, olo kakhale kang'ono bwanji, kamakoka anthu tsiku lonse. Kwathu ndi Airtel Money ndi Mpamba. Mumpatse malo pafupi ndi polowera, poonekera, chifukwa cha chitetezo komanso chifukwa munthu akatapa ndalama amayang'ana pozigwiritsa ntchito. Shopu ya masuti kapena ya mipando siyikhala pa kasenta, chifukwa zimenezo munthu amakwera basi kukayerekeza mitengo m'tauni.

Kumbukiraninso mmene anthu athu amagulira. Kuno amati kadogo, kutanthauza kugula pang'onopang'ono, mafuta oyeza, sopo woduladula, zokwana lero lokha. Kwathu timadziwa kathumba ka ufa kaja timati walkman. Wogulitsa zinthu zotere sangakwanitse chipinda chachikulu. Ndiye musamange zipinda zonse zofanana. Pakhale chimodzi chachikulu, zingapo zapakatikati za mamita 4 kapena 5 m'lifupi, ndi tina ting'onoting'ono ta munthu mmodzi ndi kauntala yake. Ndipo za nyumba yosanja ija, tamverani. Kumwamba anthu sakwera kukagula buledi. Kuno m'mwamba mumakhala kliniki, dokotala wa mano, jimu, kakoleji, tchalitchi, zinthu zimene munthu amachita kupitira dala. Ngati m'dera lanu mulibe ofuna zimenezo, m'mwambamo mudzagona nkhunda ndi ngongole.

Pali nkhani ya sitolo yaikulu imene imakoka anthu kuti ena onse adyere pomwepo. N'zoona imafunika, koma Nairobi inatiphunzitsa kuopsa kodalira mmodzi. Nakumatt inali ndi nthambi zoposa 60 m'maiko a kuno kum'mawa kwa Africa. Mu 2017 mashelefu anayamba kuyera, ndipo mu Januwale 2020 amene inali nawo ngongole anagwirizana zoithetsa. Tuskys inatsatira. Shoprite inalowa mu Kenya mu 2018, pofika 2020 inalengeza zotuluka. Eni nyumba anatsala ndi zipinda zazikulu ngati holo, zopanda munthu, ndipo timashopu tapambali tinayamba kufota chifukwa anthu anasiya kubwera. Malo ambiri anadzalowamo Naivas, Quickmart ndi Carrefour, koma ena anadikira nthawi yaitali. Kwathu tinaona PTC mmene inathera. Phunziro lake pa kasenta kanu ndi la kamangidwe. Muuzeni injiniya kuti denga linyamulidwe ndi nsanamira, makoma a pakati akhale ongogawa zipinda. Wa golosale akachoka, mumange khoma pakati n'kupeza mashopu awiri. Wa famase akakula, mugumule khoma n'kumuwonjezera. Chitseko, mita ya magetsi ndi paipi ya madzi ziikidwiretu pa chigawo chilichonse.

Nthawi ya Covid inaonetsanso china. Mu Malichi 2020 boma la Kenya linalamula kuti pofika 7 koloko madzulo aliyense akhale ali pakhomo. Anthu ankathamangira kunyumba n'kugula pafupi. Ife a makina tinkaona ndi maso kuti kumene kukufunika kuwonjezera kauntala ndi m'madera, osati m'tauni. Masitolo akuluakulu nawonso akhala akutsegula nthambi m'madera okhala anthu, ndipo pa malo omwetsera mafuta pano mumapeza khofi, nkhuku, famase ndi golosale. Ndiye amene mukupikisana naye si okala ya aneba yokha ayi.

Tsopano tifike pa anthu awiri amene sapezeka pa chithunzi chilichonse chimene wojambula angakupatseni, koma tsiku lotsegulira adzakhala atafika kale. Woyamba ndi mama mboga, mayi wogulitsa masamba. Kuno amakuduliratu sukuma wiki, iwe n'kungofikira kuphika, ndipo akakudziwa amakukongoza. Kwathu ndi amayi a tomato ndi mandasi, ndi achimwene a pa chiwaya. Wachiwiri ndi wa boda boda, amene kwathu timati kabaza. Eni nyumba ambiri amalimbana nawo. Amalemba alonda kuti aziwathamangitsa, iwo n'kukakhala panja pa geti, pa ngalande, n'kutseka polowera. Taonani pa Adams Arcade. Pafupi pomwepo pali msika wa Toi wa kaunjika, ndipo ogulitsa afika mpaka m'mbali mwa msewu. Anthu ambiri amatsikira kaunjikayo, koma akatero amalowanso m'masitolo. Mayi wa masamba sakulandani kasitomala. Wogula masamba amafuna nyama, mafuta ndi mchere, zimene zili mkati mwanu. Ndiye mpatseni malo ake papulani: mabenchi a simenti anayi kapena asanu pansi pa denga, mpopi pafupi, bini, n'kumalipira kangachepe. A kabaza apatseni pakona pawo, poonekera kumsewu koma posatseka njira. Usiku amenewo ndi maso anu, kuposa kamera imene ndingakuikireni ine.

Za magalimoto, tiyeni tiwerenge limodzi. Malo oimika galimoto imodzi ndi pafupifupi mamita 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali. Mukaphatikiza pokhotera ndi potulukira, galimoto imodzi imadya masikweya mita 25 kapena kuposa. Magalimoto 10 ndi 250. Poloti ya 15 kwa 30 ndi 450. Mwaona? Kuposa theka la malo lapita kwa anthu 10, pamene kope lija mwina likuti mwa anthu odutsa, ochuluka ndi apansi. Sindikuti pasakhale poimika. Ngati dera lanu ndi la anthu a magalimoto, ngati ku Karen kuno kapena ku Area 47, popanda poimika simugulitsa. Koma chiwerengerocho chichokere m'kope, osati pa chithunzi. Ndipo wapansi akhale ndi njira yake kuchokera kumsewu mpaka pakhonde, asamazembe pakati pa magalimoto obwerera m'mbuyo ali ndi mwana kumsana.

Khonde lenilenilo musaumire. Likhale lotakata, mamita awiri ndi theka kapena atatu, lofoleredwa, lopitirira kuyambira shopu yoyamba mpaka yomaliza popanda masitepe odukizadukiza. Mvula ikagwa anthu amabisala pamenepo, ndipo wobisala amagula. Polowera pakhale potsetsereka pabwino poti njinga ya olumala, agogo ndi wilibala ya katundu zikwere. Lamulo limene akatswiri amatsata ndi loti pokwera mita imodzi, kutalika kwake kukhale mamita 12. Za mpanda, ndikudziwa kwathu timakonda khoma lalitali ndi geti yachitsulo. Kunonso chichitikireni chiwembu cha ku Westgate mu Seputembala 2013, chimene chinapha anthu 67, ma mall amasecha aliyense pakhomo. Koma kasenta si mall. Munthu akapanda kuona zimene zili mkati ali pamsewu, salowa. Tetezani shopu iliyonse ndi chitseko chake cholimba, ikani magetsi owala panja, koma kutsogolo kuonekere. Magalasi okhaokha oyang'ana kumadzulo nawonso ndi ng'anjo. Wa famase adzakuuzani mankhwala ake akayamba kuwonongeka.

Tsopano tizungulire kuseri, kumene ndi kwathu ife. Ndikuuzeni za malo ena kum'mawa kwa mzinda uno, dzina sinditchula. Kutsogolo matailosi okongola, zikwangwani zowala. Anandiitana kukaika makina m'golosale. Ndikufunsa kuti mapaipi odutsitsa mawaya ali pati, woyang'anira malowo akungondiyang'ana. Panalibe. Kampani iliyonse ya intaneti inkabwera ndi chobowolera chake, khoma lonse mabowo, mawaya ali lendelende ngati ukonde wa kangaude, mvula ikulowera momwemo. Mita ya magetsi inali imodzi ya mashopu 14. Wa butchala ali ndi mafiriji, wa saluni ali ndi zowumitsira tsitsi, wa M-Pesa ali ndi babu limodzi ndi tchaja, koma bilu agawane. Mwezi uliwonse mkangano. Chimbudzi chinali chimodzi, kiyi ali ndi woyang'anira, iye akapita kukadya, amayi a mu saluni azidikira. Khomo la kuseri kunalibe, ndiye lole ya zakumwa ikabwera inkaima kutsogolo n'kutseka mashopu atatu, ndipo zinyalala za malo odyera zinkatulukira pamene makasitomala akulowera. Nditabwererako patapita zaka ziwiri kukachotsa makina aja, theka la zitseko linali lotseka. Malowo anali pabwino, anthu ankadutsa. Anawathamangitsa ndi mavuto a kuseri.

Zonsezi n'zotchipa mukaziganizira nyumba isanamangidwe, n'zodula mukazikumbukira pambuyo. Siyani kanjira kuseri koti katundu alowere ndi zinyalala zitulukire, ndipo pakhale pamene lole ingaime osatseka khomo la munthu. Malo a mabini akhale otchingidwa, a simenti, otsukika. Zimbudzi zikhale za amuna ndi za akazi, ogulitsa ndi makasitomala azifikira mosavuta, ndipo mudziwiretu amene azitsuka ndi amene azimulipira. Shopu iliyonse ikhale ndi mita yake yogulira mayunitsi, kuti aliyense adzilipirire. Ngati mukufuna butchala kapena ophika buledi, funsani ku ESCOM za mphamvu ya magetsi imene ilipo m'deralo musanalonjeze munthu. Siyani malo a jenereta kutali ndi mawindo a aneba, ndipo denga lilimbe moti n'kudzanyamula masola. Lero magetsi akazima si mafiriji okha amene amaima. Makina olipirira amaima, intaneti imaima, mzere wa anthu n'kubalalika. Ikani mapaipi opanda kanthu m'makoma kuchokera pa kabokosi kamodzi kokhoma kupita ku shopu iliyonse. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi nyumba yonse, ndipo tsiku lina munthu ngati ine adzakudalitsani.

Madzi. Kuno ku Nairobi madzi amabwera mwa masiku, ndipo madera ngati Syokimau ndi Kitengela ambiri amadalira zitsime zokumba ndi magalimoto ogulitsa madzi. Palibe amene amamanga popanda thanki. Kwathu nakonso mipopi imauma. Saluni, butchala ndi malo odyera popanda madzi atseka tsiku lomwelo. Ndiye thanki ndi nsanja yake zilowe mu bajeti yoyamba. Madzi a mvula nawonso muwaganizire. Mukafolera ndi kuwaka simenti poloti yonse, madzi amene ankalowa m'nthaka aja apita kuti? Ngati yankho ndi m'nyumba ya aneba a kumunsi, mwagula mlandu.

Pomaliza, mapepala. Pajatu safunsa anadya phula. Mu Ogasiti 2018 boma la Kenya linagumula South End Mall ya pa Langata Road ndi Ukay Centre ya ku Westlands ponena kuti zinamangidwa m'malo a mitsinje. Mwezi wotsatira linagumula Taj Mall ku Embakasi ponena kuti ili m'malo a msewu. Zinali nyumba zazikulu, za anthu a ndalama ndi maloya awo, ndipo ochita lendi ankatulutsa katundu akuthamanga. Nanga inu ndi ine? Kuno poloti ya nyumba yogonamo siyisanduka ya malonda mwa kufuna kwako. Pansi pa lamulo la mapulani la 2019 umapempha chilolezo ku boma la dera, n'kulengeza poyera kuti aneba anene maganizo awo. Kulinso lamulo la 2010 loletsa malo omwera mowa pa mtunda wosakwana mamita 300 kuchokera pa sukulu. Kwathu kuli lamulo la mapulani la 2016, ndipo mapulani amavomerezedwa ku khonsolo. Pitani mukafunse ngati polotiyo ndi yololedwa kuchitirapo malonda, malire a msewu akuthera pati, ndipo ngati muli pafupi ndi mtsinje ngati Lingadzi, madzi amafika pati akasefukira. Muonenso kuti pa chikalata cha malo pali dzina la ndani. Izi za “ndi malo a banja” zimakoma pamene amalume ali moyo. Lembani kuti wasonkha zingati ali ndi gawo lanji, lendi azitolera ndani, ilowe mu akaunti iti. Powerenga phindu, werengani miyezi 10 pa chaka osati 12, chifukwa chipinda chimakhalako chopanda munthu, ndipo denga limadontha.

Ndiye mukufunsa kuti za ku Area 25 zija zinatha bwanji. Ndinatumiza kandalama kwa mchemwali wanga wamng'ono, amene wangomaliza Fomu 4, kuti akakhale pamalopo ndi kope masiku atatu. Zimene anapeza zinandidabwitsa ndi ine ndemwe. Kumsewu waukulu, kumene chithunzi chija chinayang'anitsa magalasi ake, kumadutsa magalimoto othamanga, oima ndi ochepa. Anthu ambiri amadutsa mbali inayo, pa kanjira ka fumbi kochokera pa siteji kulowa m'makomo, ndipo pakona pake pali kale amayi atatu ogulitsa tomato ndi makala. Kunena kwina, nyumba ija ikanawafulatira makasitomala ake.

Ndinaponya zithunzi za kopelo pa gulu. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi mashopu anayi apansi oyang'ana kukanjirako ndi pakona, khonde lotakata, mabenchi a amayi aja, zimbudzi ndi thanki, maziko akhale olimba moti n'kudzasanjikiza anthu akadzachuluka. Amalume anayankha kuti, “Mphwanga, wayankhula zomveka, koma tikambirane.” Msuweni wanga sanagonje. Akuti anthu a kwathu nawonso akuyenera zinthu zokongola, tisamangowamangira mizere ya zipinda ngati makola. Ndipo pamenepo sakunama. Ndamuuza kuti kukongola ndikufuna nanenso, mitengo ya mthunzi, utoto wabwino, zikwangwani zofanana kukula, bola nyumbayo iyang'ane kumene kuli anthu. Lamlungu likubwerali tili ndi msonkhano pa foni, ndipo azakhali akuti adzakhalapo. Mundipempherere.

Inu amene munamangapo kale, kaya ku Mzuzu, ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete, titumizireni uthenga wa mawu. Tiuzeni chimene munachiiwala papulani n'kudzachikumbukira nyumba itatha. Tidzasankha angapo n'kuwamvera limodzi m'gawo lotsatira. Amene mukudziwa kuti pa gulu la kwanu pali chithunzi cha magalasi chikuzungulira, mutumizireni gawo lino mwakachetechete.